Kwathu Chauta adathawa moto, kwina adathawa munsi

Mawu amene mlimi mnzathu, membala wa kalabu ya omvera wailesi kuno ku Angónia, adayankhula pa msonkhano wa mwezi uno. Tawalemba monga momwe adatulukira.

Ndapatsidwa mpata woti ndiyankhulepo pa nkhani imene yatigawa pakati kuyambira pamene wailesi yathu idaulutsa pulograma ya nthano za chiyambi cha dziko. Ena mwa ife adati zimenezi ndi zachikunja, siziyenera kumveka pa wailesi imene ana athu amamvera. Ena adati yathu ya pa Kaphirintiwa ndiye yeniyeni, za mitundu ina zija n'zongobera kwa ife. Ndiye pali achinyamata, iwo adangoseka basi, amvekere agogo anali ndi nthawi yotaya. Ine ndine wa khasu, sukulu ndidalekezera ku pulaimale, koma makutu ndili nawo. Zina ndidamva kwa agogo, zina kwa anzanga oyenda, zina adatiwerengera a pulofesoro athu opuma aja kuchokera m'mabuku awo, ine n'kumalemba m'kaderno. Ndiye ndikufuna tiziike nthanozi pamphasa imodzi, tizione bwinobwino ngati momwe timaonera mbewu tisanabzale.

Tiyambe ndi yathu, chifukwa ndaona kuti ambiri amene akuiteteza saidziwa mpaka kumapeto. Padangokhala! (Anthu: Tili tonse!) Eya, mukadali nawo mayankhidwe ake.

Akuluakulu amati poyamba dziko linali louma, lopanda madzi, lopanda chamoyo. Tsiku lina kudachita mitambo yakuda, mphezi ng'aning'ani, kumwamba kudatseguka, kudagwa chimvula. M'chimvulacho adatsika Chauta, mwamuna mmodzi, mkazi mmodzi ndi nyama zonse. Adatera pa kaphiri kathyathyathya kotchedwa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, amene ali m'malire a dziko lathu ndi Malawi. Si ku Ulaya kumeneko ayi, ndi kwa anansi athu. Nthaka inali yofewa ndi mvula ija, ndiye pamene idauma n'kusanduka thanthwe, mapazi a anthu ndi a nyama adatsalira pomwepo. Padatsaliranso chizindikiro cha khasu, cha lichero ndi cha mtondo.

Apa ndiimepo kaye. Taonani katundu amene anthu oyambawo adatsika naye. Palibe mfuti, palibe ndalama, palibe mpando wa ufumu. Khasu, lichero, mtondo. Ndiye kuti makolo athu poganiza za munthu woyamba ankaona mlimi ndi mayi wosinja. Mukamve wina akunyoza kuti ulimi ndi ntchito ya olephera sukulu, mumuuze kuti khasu lidatsika limodzi ndi Chauta.

Nthano ipitirira kuti mbewu ndi mitengo zidamera, chakudya chinali mbwee, Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi popanda wodya mnzake. Koma tsiku lina mwamuna uja adatenga timitengo tiwiri, kena kofewa kena kolimba, n'kumapeka. Adamuletsa, iye osamva. Utsi tolotolo, moto buu, udzu udayaka, tchire lonse lidapsa. Galu ndi mbuzi zidathawira kwa munthu, n'chifukwa chake tili nazo pakhomo mpaka lero. Njovu, mkango ndi zinzake zidathawira kutali zili ndi mkwiyo, udani wathu ndi zilombo udayambira pomwepo. Bilimankhwe adakwera mumtengo n'kuitana Chauta kuti bwerani kuno, Chauta adati ine ndakalamba, sindingakwere. Kangaude ndiye adaluka ulusi wake, Chauta adakwerapo mpaka kumwamba. Pochoka adalamula kuti kuyambira lero munthu azifa, ndipo akafa azipita kumwambako kukapanga mitambo ya mvula yozimitsa moto umene adauyambitsa yekha.

Nthano imeneyi adailemba m'buku wansembe wina wa ku Holland, Matthew Schoffeleers, amene adakhala zaka zambiri ku Malawi. Iye ndi mnzake Adrian Roscoe adatulutsa buku la nthano zotere m'chaka cha 1985, lotchedwa Land of Fire, ndiye kuti dziko la moto. Muone, wansembe, wovala mkanjo, sadaope kukhala pansi ndi nkhalamba kumvetsera. Mfundo imeneyi tiisunge, tiibwerera.

Tsopano tikwere mtsinje wa Zambezi, womwe uja timaoloka pa mlatho ku Tete, tipite nawo mpaka kumadzulo kwa Zambia, kwa Alozi a ku Mongu. Iwo Mulungu amamutcha Nyambe, ndipo munthu woyamba amamutcha Kamunu. Amati Nyambe ankakhala pansi pompano ndi mkazi wake Nasilele. Vuto la Kamunu linali kutsanzira. Nyambe akasema mtengo, iyenso asema. Nyambe akasula chitsulo, iyenso asula. Mapeto ake adasula mkondo n'kupha nyama, naidya. Nyambe adamukalipira kuti iwe, ukudya abale ako. Adamupatsa munda kuti azilima, koma njati zitalowa m'mundamo Kamunu adazilasanso. Kenaka mphika wake udasweka, galu wake adafa, mwana wake adafa, ndipo nthawi zonse ankathamangira kwa Nyambe kukadandaula ndi kupempha mankhwala. Nyambe adatopa naye. Adasamukira pachilumba, Kamunu adapanga bwato n'kumupeza. Adasamukira paphiri, adamupezanso. Pomaliza, mukudziwa amene adamupulumutsa? Kangaude yemweyo! Adaluka ulusi mpaka kumwamba, Nyambe adakwera, ndipo atafika adaboola maso a kangaudeyo kuti asadzalozere munthu njira. Kamunu sadagonje, adasonkhanitsa anthu, adayamba kusanjikiza mitengo kuti afike kumwamba, koma chinsanjacho chidalemera n'kugwa.

Mwamumva kangaude, eti? Ndipo si Alozi okha. Ayao, abale athu a ku Niassa, nawonso ali naye. M'busa wina wa ku Scotland, Duff Macdonald, adalemba nthano yawo m'buku lake la 1882. Kumeneko akuti bilimankhwe adatchera mono mumtsinje, tsiku lina povuula adapezamo tizilombo tiwiri tachilendo, kamwamuna ndi kamkazi. Adapita nato kwa Mulungu, Mulungu adati tisiye tikule tione. Titakula tidapeka moto, tidatentha tchire, tidayamba kupha nyama, ndipo Mulungu adathawa pa ulusi wa kangaude. Chiyambi chikusiyana, ife tidagwa ndi mvula, iwo adatuluka m'mono, koma mapeto ndi amodzimodzi.

Mpaka pano wina atha kunena kuti aaa, amenewa ndi anansi, adamverana pamsika kapena paukwati. Chabwino. Tiyeni tsono tipite kutali kumene agogo athu sadapondeko, ku Ghana, kumadzulo kwenikweni kwa Africa, kwa anthu otchedwa Akan. Iwo chakudya chawo ndi fufu, amaphika chinangwa kapena zilazi ndi nthochi n'kuzisinja mumtondo mpaka zifanane ndi nsima yolimba. Amati kale kumwamba kunali pafupi, pamwamba pa denga pomwepa, ndipo Mulungu wawo, Nyame, ankakhala pamenepo. Panali gogo wina wamkazi amene posinja ankakweza munsi kwambiri, munsi n'kumagunda Nyame. Lero gu, mawa gu. Nyame adadandaula, gogo osasintha, ndiye adangosuntha n'kupita kutali kumene kuli kumwamba leroku. Gogo uja adauza ana ake kuti sonkhanitsani mitondo yonse ya m'mudzi, tiisanjikize timutsatire. Adasanjikiza, adasanjikiza, mpaka kudatsala mtondo umodzi wokha kuti afike, koma mitondo idatha. Gogo adati vuto palibe, chotsani wapansiwo muuike pamwamba. Atangousolola, mulu wonse udagumuka, anthu ambiri adafera pomwepo.

Mukuseka, koma nzeru ya gogoyo tonse timaichita. Kugulitsa chimanga cha m'nkhokwe mwezi wa Maio pa mtengo wolira kuti ugule wailesi yatsopano, n'kudzagulanso chimanga chomwecho mwezi wa Janeiro pa mtengo wowirikiza, kumeneko si kusolola mtondo wapansi?

Ina imene idandigwira mtima kuposa zonse ndi ya anthu otchedwa Dinka, a ku South Sudan, dziko limene lidadziimira palokha mu 2011. Iwo ndi oweta ng'ombe, amalimanso mapira ndi mawere. Amati poyamba panali chingwe cholumikiza kumwamba ndi pansi, anthu ankakwera ndi kutsika momasuka. Mulungu wawo, Nhialic, ankapatsa mwamuna Garang ndi mkazi Abuk kambewu kamodzi kokha patsiku, n'kuwauza kuti kameneka kakukwanani, musaonjezere. Tsiku lina Abuk adafuna kubzala zambiri. Adatenga khasu la mpini wautali, polikweza lidagunda Nhialic. Ena amati unali munsi, pofuna kusinja zambiri. Nhialic adakwiya, adakwera kutali, n'kutuma kambalame kakang'ono kukadula chingwe chija. Kuyambira pamenepo munthu adayamba kudya thukuta lake, kudwala ndi kufa.

Adinkawo amati Abuk adachita dyera. Ine ndikamamva nthanoyi mtima wanga umakhala kwa mayiyo. Kambewu kamodzi patsiku, abale! Mayi aliyense pano amene adaonapo mwana akunyambita mbale yopanda kanthu mwezi wa Fevereiro akudziwa chimene chidakweza khasu lija. Ndipo ndikuganiza kuti amene adapeka nthanoyi ankadziwanso zimenezi, chifukwa Abuk yemweyo Adinka amamulemekeza ngati mayi wa minda ndi wa madzi. Amamudzudzula uku akumupatsa ulemu.

Ndiye tayikani zinayi izi pamodzi. Kwathu moto. Kwa Alozi mkondo ndi chitsulo. Ku Ghana munsi. Kwa Adinka khasu. Palibe nthano imodzi mwa izi imene ikuti Mulungu adachoka chifukwa munthu adaba, kapena adachita chigololo, kapena adalodza mnzake. Adachoka chifukwa cha zida zimene timadyera. Chinthu chomwe chidatipatsa nsima yakupsa ndicho chidatilekanitsa ndi Chauta ndi nyama. Apa ndi pamene ndimaona kuti makolo aja sanali osewera ngati momwe achinyamata mukuganizira. Adaona kuti luso lililonse la munthu lili ndi mtengo wake. Moto umaphika, moto umatentha nkhokwe. Khasu limadyetsa, khasu lomwelo likakwera m'phiri mpaka pamwamba limatsegulira madzi njira yokokolola nthaka. Amene mumalima mbatatesi m'mapiri a ku Tsangano mukudziwa mmene ngalande zimakulira chaka ndi chaka.

Azimayi, pali kanthu kenanso kamene mungakondwe nako. Ku Ghana ndi kwa Adinka mlandu adaukankhira kwa mkazi. Kwa Aganda a ku Uganda chimodzimodzi: Nambi, mwana wa mwini kumwamba, pokwatiwa ndi Kintu adauzidwa kuti mukanyamuka musabwerere ngakhale mwaiwala kanthu, koma iye adabwerera kukatenga mawere a nkhuku yake, ndiye mlongo wake Walumbe, amene ndi Imfa, adamuona n'kumutsatira mpaka pansi pano. Koma kwathu kuno, kumene mwana ndi wa kwa amake ndipo mwamuna ndi mkamwini, wopalamula ndi bambo. Ndiye amene ankaseweretsa timitengo anthu akumuletsa. Kaya n'chifukwa choti nthano zambiri tidazimva kwa agogo aakazi, kaya n'chifukwa choti mpaka lero woyenda ndi machesi m'thumba ndi mwamuna, inu muweruze nokha.

Tibwere kwa bilimankhwe, amene ena mumati nanzikambe kapena tonkhwetonkhwe. Tonse tidakula tikudziwa kuti Chauta adamutuma kukauza anthu kuti mukafa muzidzukanso, kenaka adatuma buluzi ndi uthenga woti mukafa mwafa. Bilimankhwe ndi kayendedwe kake kaja, phazi limodzi kutsogolo, kuima, kuganiza, adafika buluzi atalankhula kale, ndipo mawu oyamba ndiwo adagwira. N'chifukwa chake tili ana tinkamugwira n'kumuthira fodya m'kamwa kuti alipe mlandu wake. Mlamu wanga amene adagwirapo ntchito ku Johannesburg adadabwa kumva Mzulu akusimba yomweyi. Kwa iwo wotuma ndi Unkulunkulu, bilimankhwe amati unwabu, buluzi amati intulo, ndipo amaonjeza kuti unwabu adachedwa chifukwa adaima panjira kudya tizipatso ta kutchire. M'busa Henry Callaway adailemba kuchokera pakamwa pa Azulu cha m'ma 1868.

Apa wina afunsa kuti kodi si Angoni amene adabwera nayo kuno? Funso labwino. Tikudziwa kuti Angoni adachokera kumwera, gulu la Zwangendaba lidaoloka Zambezi mu 1835 tsiku limene dzuwa lidadetsedwa, ndipo Angoni a Maseko pambuyo pa maulendo awo adadzakhazikika kuno ku phiri la Domwe, dzina la Angónia n'kuchokera kwa iwo. Koma nthano ya bilimankhwe ikupezeka ku mitundu yambirimbiri kumene Mngoni sadafikeko. Ine ndikuona ngati Mngoni ndi Mchewa atakumana adangopeza kuti aliyense ali nayo kale m'thumba mwake, ngati anthu awiri okumana pamaliro n'kuzindikira kuti agogo awo anali pachibale.

Ku Namibia ndi ku South Africa kuli anthu otchedwa Khoikhoi, iwo m'malo mwa buluzi ali ndi kalulu. Mwezi udatuma uthenga woti monga ine ndimafa n'kubadwanso, inunso muzitero. Kalulu pofika kwa anthu adatembenuza mawu, adati muzifa osabwerera. Mwezi utamva udamumenya ndi ndodo pakamwa, n'chifukwa chake mlomo wa kalulu ndi wong'ambika. Nyama zasintha, koma mtima wa nkhani ndi womwewo: imfa idalowa chifukwa uthenga udafika mochedwa kapena udafika wopotoka. Ife a kalabu ya wailesi nthano imeneyi ikutikhudza kuposa wina aliyense. Wailesi ikalengeza za katemera wa ana kapena za matenda a nkhuku, ife ndiye timanyamula mawuwo kupita nawo kwa amene alibe wailesi, kapena pilya zidawathera. Tikaima panjira kudya tizipatso, buluzi wa mphekesera amafika poyamba, ndipo mukudziwa nokha kuti mawu oyamba kuwachotsa m'mutu mwa munthu ndi ntchito.

Za kumene anthu adatulukira ndingodutsamo mwachangu, popeza dera lililonse limaloza chake. Amakua ndi Alomwe amaloza phiri la Namuli pafupi ndi Gurúè ku Zambézia, lotalika mamita 2,419, lachiwiri m'dziko lathu lino. Aronga a kufupi ndi Maputo, pamodzi ndi Azulu, amati anthu adatuluka m'bango. Akikuyu a ku Kenya amaloza phiri la Kirinyaga, kumene Ngai adaonetsa Gikuyu dziko lake. Ayoruba a ku Nigeria amati pansi panali madzi okhaokha, wotumidwa adatsika pa unyolo atanyamula dothi m'chigoba cha nkhono ndi nkhuku, adathira dothilo, nkhuku idapalasa mpaka mtunda udafalikira, malowo ndi mzinda wa Ile-Ife. Wa kuphiri amaloza phiri, wa kudambo amaloza bango. Palibe amene adati tidachokera kwa eni ake. Aliyense ankauza ana ake kuti pano ndi panu, padapondedwa ndi makolo anu, musapachite chipongwe.

Ndiye kwa anzanga amene mukuti yathu ndiye yeniyeni, enawo adabera, ndikufunseni: gogo wa ku Ghana adakumana kuti ndi gogo wa ku Domwe? Ife ndi Alozi, Ayao ndi Azulu, inde, zilankhulo zathu ndi za mbumba imodzi. Ife timati munthu, Mzulu amati umuntu, Mswahili amati mtu, ndiye n'zomveka kuti nthano zina tidatengera ku chitsa chimodzi pamodzi ndi mawuwo. Koma Chidinka ndi Chiakan n'zina kotheratu. Chimene chidatifananitsa ndi moyo. Kulikonse kumene mayi amasinja, kumene bambo amayang'ana kumwamba kudikira mvula, kumene mwana amafa makolo akadali moyo, anthu amafunsa funso limodzi: ngati adatilenga, bwanji ali kutali chonchi? Ndipo aliyense adayankha ndi chida chimene chinali m'manja mwake. Ndiponso ifeyo tili ndi nkhani ziwiri. Timati tidatera pa Kaphirintiwa, timatinso tidachokera ku Uluwa, ku Congo, motsogozedwa ndi mafumu a Aphiri. Akuluakulu ankasimba zonse ziwiri osaona vuto, popeza ina ikuyankha kuti tidayenda njira iti, ina ikuyankha kuti ndife anthu otani.

Kwa abale anga a mpingo, ine ndimapemphera nanu limodzi, sindikunyoza. Koma taganizani izi. Mawu oti Mulungu sadabwere pa sitima, amishoni adawapeza kuno. Buku Loyera, Baibulo limene lidatuluka mu 1998, pamene Buku Lopatulika limati Yehova ilo lidalemba kuti Chauta, dzina lomwe lija la pa Kaphirintiwa. Omasulirawo anali abusa ndi ansembe ophunzira, ndipo adaona kuti dzinali n'loyenera. Mukatsegula Genesis mutu 11 mupeza anthu akumanga nsanja yofika kumwamba n'kulephera, abale ake a Kamunu ndi gogo wa mitondo uja. Kumvetsera nthano si kuipembedza. Palibe pano amene akuti tikathire nsembe kwa kangaude. Ngati wansembe wochokera ku Holland adatha kukhala pamphasa kulemba zimenezi, ife eni ake tiope chiyani kuzimva pa wailesi yathu?

Tsopano ndifike pamene pakundiwawa. Schoffeleers uja adaona kuti nthano ya Kaphirintiwa ikuyenda ngati chaka chathu chomwechi. Mvula imagwa, zonse zimamera, timadya. Kenaka chilimwe, tchire limapsa, utsi umakwera kumwamba, ndipo pambuyo pa utsiwo mitambo imabwera, mvula n'kuzimitsa zonse. Ndiye kuti makolo sankasimba za kalekale zokha, ankasimba za Setembro ndi Outubro wa chaka chilichonse. Ndipo kale kutentha tchire sichinali chinthu cha aliyense. Mwini dziko ndiye ankanena tsiku, anthu atakonzeka, uzimba utaitanidwa, nkhalango za kumanda ndi za kukachisi osazikhudza. Moto unali ndi mwini wake, wopalamula ankadziwika.

Lero mnyamata mmodzi wofuna mbewa zisanu amayatsa dambo lonse. Udzu wofolera nyumba umapita, mapesi amene alangizi akutiuza kuti tiphimbire nthaka amapita, timitengo timene tabzala timapita, nthawi zina nkhokwe ya mayi wamasiye imapitanso. Ng'ombe zimafika mwezi wa Novembro nthiti zili pamtunda. Boma lidaika kale m'lamulo la nkhalango la 1999 kuti kutentha tchire mwadala ndi mlandu, koma lamulo lili pa pepala la Chipwitikizi ku ofesi ya distritu, pamene moto uli kuseri kwa mudzi usiku. Mwana amene sadamvepo kuti moto ndiwo udathamangitsa Chauta, machesi amangowaona ngati choseweretsa. Ife tinkaopa, osati chifukwa cha apolisi, koma chifukwa agogo adatibzala mantha abwino tili pamoto pomwepo, chimanga chikukazingidwa.

Ndipo nthawi ya nthano ija idapita kuti? Madzulo ana ali ku kanema wa pamsika kuonera novela, akuluakulu tili pa telefoni. Gule Wamkulu adalandira ulemu wa UNESCO mu 2005, ife pamodzi ndi Malawi ndi Zambia, ndipo chaka chilichonse mu Agosto anthu athu amapita ku Kulamba kwa Gawa Undi ku Katete. Gule ali ndi omusunga, ali ndi dambwe, ali ndi ng'oma zomveka kutali. Nthano ilibe dambwe. Imakhala m'kamwa mwa gogo mmodzi, tikamuika m'manda taiika limodzi. M'mudzi mwathu muno amene angasimbe ya Kaphirintiwa kuyambira pa mvula mpaka pa kangaude, osadumpha galu ndi mbuzi, mutha kuwawerenga ndi zala za dzanja limodzi, ndipo onse ndi oyenda ndi ndodo.

Pempho langa kwa kalabu ndi ili, a sekeretale mulembe. Telefoni zomwe zatilanda madzulozo zimajambula mawu. Aliyense wa ife ali ndi gogo, kapena azakhali, kapena nkhalamba yoyandikana nayo. Tisanafike msonkhano wa mwezi wamawa, aliyense apite madzulo, osati masana poti nthano siinenedwa dzuwa lili pamutu, atenge kasopo kapena kamchere m'manja, apemphe chilolezo, ajambule. Musawakonze akamasimba. Wina akati adatsika ndi nkhwangwa m'malo mwa khasu, musiyeni, n'momwe adaimvera kwa amake. Wina akasimba ya Chingoni, ya Chinyungwe kapena ya Chisena, ijambuleni m'chilankhulo chomwecho. Mulembe m'kaderno mudzi wake ndi amene adamuphunzitsa nthanoyo. Tikasonkhanitsa tipite nazo ku wailesi, tikapemphe kuti azitipatsa mphindi khumi pa sabata, makamaka miyezi ya Agosto ndi Setembro moto usanayambe, ndipo tikapemphenso kuti azitumiza kwa anzathu a makalabu a ku Macanga, ku Chifunde ndi ku Niassa, iwonso atitumizire zawo.

Amene mulibe telefoni yojambula, yanga ilipo, tizibwerekana, kungoti muzibweza ili ndi moto. Anyakwawa, mukatilola, tiyambire kwa amayi anu Lachisanu likudzali.